Chulu cha atsibweni pakati pa bwalo la mpira

Ndiyambe ndathokoza Mulungu amene wandisunga ndi miyendo yonse iwiri kufikira lero, ngakhale mpira tinauphunzirira opanda nsapato, pamalo oti munthu wanzeru sakanathamangapo.

Sukulu yathu, chakumpoto kwa Nsaru, anthu ankaitchabe koleji chifukwa poyamba inali ya maphunziro a m'makalata. Patapita zaka zochepa chibwerere matipati, boma linaisandutsa sekondale yoyendera. Enafe tinali ndi ndevu kale. Malo ake anapereka ndi atsibweni anga, alongo awo a mayi, amenenso anali mkulu wa mpingo. Unali munda wawo wa mtedza, ndipo pamene tinalambula bwalo la mpira, pakati penipeni panali chulu chofika m'chiuno. Atsibweni ankanena poyera kuti munda anapereka, koma chulu ayi. Kwathu chulu chimakhala ndi mwini wake, ndipo munthu satchera ngumbi pa chulu cha mnzake.

Tinazolowera kusewera mochizungulira. Aphunzitsi a masewera ankaimirira pamwamba pake ndi wezulo, amvekere akuona bwino zonse. Otseka kumbuyo ankabisala kuseri kwake n'kutulukira mwadzidzidzi. Koma masukulu ena ankakana kubwera kwathu, kotero masewero onse tinkapita kwa eni ake wapansi, n'kufika titatopa kale.

Chaka china oyang'anira masewera m'dera lathu anati timu ya ku Namitete ibwera kudzasewera kwathu mvula isanagwe, pokhapokha chulu chitachoka. Chikapanda kuchoka, ulendo unali wathunso. Aphunzitsi anaitulutsa nkhaniyo pa msonkhano wa makolo, pamaso pa anthu, ndipo atsibweni anangoyankha kuti ayi, n'kuvala chipewa. Anzanga onse anatembenukira kwa ine, poti ndinali kaputeni komanso mwana wa mbumba yawo.

Mayi anandilangiza kuti ndisapiteko ndi kabudula wa mpira. Ndinavala buluku la kutchalitchi, ndinapemphera, ndipo ndinakawapeza kudimba akuthirira nazale ya fodya. Ndinawalandira kheni n'kuthirira mpaka kumaliza, kenaka ndinakhala pansi n'kufotokoza chimene ndinadzera.

"Kodi miyendo ukuthamangitsira mpirayo ukuyesa inakula ndi chiyani?" anandifunsa. "Chaka chija bambo ako anatsakamira ku esiteti, ndiwo m'nyumba mwa mayi ako zinkachokera kuti?"

Yankho ndinkalidziwa. Ndinakumbuka mbale za ngumbi zokazinga zimene ankatitumizira m'miyezi ya njala, ndipo manyazi anandigwira. Komabe ndinalimba mtima.

"Atsibweni, sindikutsutsa. Koma inu ndi amayi simunandionepo ndikusewera ndi alendo. Onse amene amatiombera m'manja ndi anthu osatidziwa."

Anaseka, nati kundiona amandiona tsiku lililonse ali kudimba komweko, ndipo ndimamenya mpira ngati ng'ombe yokana goli. Za chulu anati ayamba apemphera kaye, yankho ndidzalimva Lamulungu.

Tsikulo titatuluka m'tchalitchi anandiitana pamodzi ndi aphunzitsi pansi pa mtengo wa mango. Anati sabata imeneyo, powerenga Mawu, anagwera pa nkhani ya banja lija linagulitsa munda n'kubisako gawo lina, ndipo chakudya sichinawakomere. Iwo sananamize munthu, anatero, komabe sanafune kukafika kwa Ambuye ndi mphatso yobowoka pakati. Anapempha ziwiri zokha: khasu loyamba akhome okha, ndipo dothi lonse likamwazidwe m'munda wawo wina, poti dothi la pachulu limabereketsa chimanga.

Loweruka m'mawa anafika atavala jekete. Anavula chipewa, anapemphera mwachidule, n'kukhoma khasu. Litatsika kachiwiri anandipatsa ine osandiyang'ana kumaso, n'kupita kudimba. Ntchitoyo inali yowawa. Dothi la chulu m'chilimwe limalimba ngati njerwa, ndipo agang'a, chiswe cha mitu ikuluikulu chija, anatiluma mpaka aphunzitsi anavina gule amene sitinkadziwa kuti amamutha. Atsikana a ntchemberembaye ankatuta dothi m'ndowa akuimba nyimbo za kwaya. Pofika madzulo bwalo linali see.

Alendo anabwera pa lole ya fodya, onse atavala malaya ofanana. Ife tinavula malaya kuti tizidziwana. Midzi yonse yozungulira inasonkhana, amayi a mpingo anaphika thobwa, ndipo atsibweni anakhala pa mpando m'mphepete mwa mzere, mayi ali pamphasa pambali pawo. Tinagonja, sindibisa. Pamenepo m'pamene tinazindikira kuti wotseka kumbuyo wathu wodalirika chinali chulu chija. Koma chigoli chathu chokhacho ndinamwetsa ndine, ndipo ndinaona atsibweni ataimirira, chipewa chili m'mwamba. Pobwerera kunyumba anangoti ng'ombe ija tsopano yayamba kumva goli.

Mumtima ndinkavutikabe poganiza kuti chaka chimenecho m'nyumba mwawo simulowa ngumbi chifukwa cha ine. Mvula itagwa mokwanira, tinafika kusukulu m'mawa wina n'kupeza pakati pa bwalo pali mapiko a ngumbi mbwee. Ife tinangosalaza pamwamba, mudzi wa chiswe unali wamoyo pansi. Wina anathamangira kudimba kukawauza. Atsibweni anabwera, anawerama, anatola mapiko n'kuwayang'anitsitsa.

"Eti ndinapereka, koma Ambuye andibwezera," anatero motsitsa mawu.

Ahedi analamula kuti nyengo ya ngumbi mpira uziyamba waima, ndipo atsibweni anatchera pamalo pawo pomwepo zaka zonse zimene anakhala ndi moyo. Chiswe nacho sichinaleke kumanga, kotero teremu iliyonse osewera ankayamba ndi makasu asanakhudze mpira.

Inu amene mwawerenga izi, Ambuye akupatseni mtima wotha kumasula dzanja pa chimene mumachikonda, akudyetseni m'miyezi yowawa, ndipo alimbitse mapazi anu ndi a ana anu pa bwalo lililonse limene akuikani. Amen.