Thanthwe la Mzati wa 14

Apongozi anga aamuna, bambo Dibakwane, anagwira mu mgodi wa golide zaka makumi awiri ndi zitatu. Anatulukamo ndi chifuwa chosatha, khutu limodzi logontha, ndi chitsulo chachitali chogogodera miyala. Ntchito yawo inali kulowa poyamba, kugogoda denga n'kumvetsera. Amati mwala wolimba umalira kuti ngee, koma wofuna kugwa umalira ngati ng'oma yonyowa.

Atayamba kumanga njanji yamasewera paphiri la kumtunda kwa Graskop, ija anthu amakwera tingolo n'kumatsetsereka akukuwa, apongozi anawalemba yotchetcha tchire basi. Mwamuna wanga Mogau, mwana wawo, anamulemba yomanga mabawuti. Ine ndinkagulitsa magwinya otentha, mandasi akuno, pachipata, mwana wathu Pheladi ali kumsana. Sindine woyankhula, ndimangoona.

Phirilo sanalisalaze ayi. Njanji imangokhota momwe phiri lakhotera, pakati pa mitengo ya paini, ndipo mizati yake anaiboolera m'matanthwe momwemo. Mvula ya Novembala itagwa masiku asanu ndi anayi osakata, apongozi anayamba kunyamula chitsulo chawo popita kuntchito.

"Madala, mukusaka golide?" anzawo ankawaseka. "Mukam'peza musatiiwale, kukhosi kwauma."

Lachitatu apongozi anakana kudya. "Makoti," anandiitana chapansipansi, monga amaitanira mkazi wa mwana wawo kuno, "thanthwe la mzati wa 14 lalekana ndi phiri. Madzi alowa kuseri. Ndi pamene ngolo imakhota, pansi pake phompho."

Lachisanu linali loyesa njanji. Anali atayesera kale ngolo ndi matumba a mchenga mu Okutobala, mvula isanabwere, mapepala n'kusainidwa. Kunatsala kukweza munthu, ndipo kapitawo wathu, Sibuyi, anasankha Mogau, atamulonjeza ntchito yokhazikika. Apongozi anamuuza Sibuyi kawiri. Iye anangoti, "Madala, inu ndi wa chikwakwa. Za miyala zili ndi eni ake."

Ndinamugwadira Mogau. "Bambo a Pheladi, mukangoti mwatsegula m'mimba."

"Iwe, anthu anayeza ndi makina. Papa khutu ndi limodzi, lomwelonso limagontha ndikawapempha fodya." Anaseka, koma osandiyang'ana. "Ndikakana, mlamu wake wa Sibuyi ali kale pachipata, nsapato atamanga."

Lachisanu ndinasiya beseni la magwinya pachipata n'kukwera kumtunda. Mogau anali atakhala m'ngolo, lamba pachifuwa, dzanja pa buleki. Kenaka wailesi ya m'manja mwa Sibuyi inalira kuti pa 14 pali munthu panjanji.

Tonse tinathamangira kumeneko. Anali apongozi. Anadzimangirira kunjanji ndi chingwe cha mbuzi, ali khale, akutsokomola.

"Papa, mukundivula pagulu!" Mogau anakuwa. "Mwana adya chiyani?"

"Anzanga atatu ndinawatulutsa mu mgodi ali mitembo m'mabulangete," iwo anatero. "Iwe sindikunyamula."

Sibuyi anaitanitsa mpeni. Apo n'kuti mayi injiniya wochokera ku Pretoria, yemwe anabwera kudzasaina komaliza, atafika ndi mapepala ake. Sindidziwa chinandilowa. Ndinatola chitsulo cha apongozi n'kuwapatsa mayiwo m'manja.

"Mayi, chonde, kamodzi kokha."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana mwana kumsana. Anagogoda thanthwe la mzati wa 13, ngee. Anagogoda la 14, buu. Anabwereza katatu. Kenaka anaitanitsa makina oboolera, ndipo ataboola m'mbali munatuluka madzi amatope, osaleka mpaka tinatopa kuyang'ana.

Mayiwo anatseka zonse mpaka mvula itatha, akuti thanthwelo afunika kulikhomera kuphiri ndi zitsulo zazitali. Aganyu onse anawabweza kunyumba, Khirisimasi ili pakhomo. Dzina loyamba limene Sibuyi anawerenga linali la apongozi, ndipo anati iwowo asadzabwerenso, chifukwa kukhala panjanji n'kuswa lamulo.

Pano ndi Febuluwale. Anthu ena mumsewu mwathu satipatsa moni, akuti madala anawaphera Disembala. Magwinya alibe wogula. Apongozi chifuwa chakula, amagona chokhala. Mogau sanayankhulebe nawo, chakudya amadyera panja. M'mawa uliwonse amapita kumacheka a matabwa kukafunsa ganyu, ndipo masiku ambiri amabwera chimanjamanja, nkhope ili gwaa. Akangotsegula geti, apongozi amasuzumira pazenera kuti amuone, n'kubweza katani msanga iye asanatembenuke.