Foni ya Amayi Inasamukira ku Mozambiki Iwo Ali Pakhonde Pawo

Amayi anga anamwalira foni ili pamphasa pambali pawo, batire lodzadza, mayunitsi alimo, koma yosatha kuitana mwana wawo amene ali pa Lilongwe pompano. Kampani yomwe inandigulitsa layini imeneyo sindiitchula dzina. Eni ake adzidziwa okha, ngati kuofesi kwawoko kuli munthu amene amawerenga china choposa malisiti.

Ine ndine makaniko. Ndimagwira ntchito pagalaja ina ku Biwi, ndimagona ku Area 23. Kwathu ndi ku Ntcheu, cha kumtunda uko kwa Tsangano, komwe munthu ukangowoloka msewu kukagula mchere wafika kale ku Mozambiki. Amayi anali ndi matenda othamanga magazi. Chipatala chenicheni chili kutali, ndipo galimoto m'mudzi mwathu imaoneka pokhapokha anthu akakumba mbatata ya kachewere. Choncho ndinawagulira kafoni kotchipa n'kukasiya m'manja mwa mlongo wanga Esinati, yemwe ankakhala nawo.

Tinapangana monga amapanganirana amphawi onse. Iwo asamawononge mayunitsi. Azingoflasha, ine ndiziimba. Foni ikalira kamodzi n'kuduka, ndi moni chabe, ndiimba ndikaweruka. Ikalira kawiri motsatizana, zinthu zavuta, ndiponye sipanala pansi, ndibwereke pikapu ya abwana anga n'kuuyatsa wa ku Ntcheu. Chaka chathunthu zinayenda bwino, moti amayi anafika pondiflasha kungofuna kundiuza kuti nkhumba yaswa.

Kenaka foni inangoti zii. Ine n'kumati kumudzi kuli bwino, poti kwa ife kusaflasha ndiye mtendere. Ndikaimba ndekha, kamayi kaja ka m'foni kankandiuza mwaulemu wake wonse kuti nambala yomwe ndaimba sikupezeka. Ndinaganiza kuti ndi batire, poti ankatchajitsa kutali kwa munthu wa sola. Nditapita kumapeto a mwezi, amayi anandilandira ndi nkhope yakugwa.

"Tauni yakukoma eti, Yohane? Takhala tikuflasha, iwe osaimba. Wayamba kutichitira manyazi?"

Ndinatenga foniyo. Pamwamba, pomwe pamalembedwa dzina la kampani yathu, panali dzina lachilendo. Esinati anandilozera kutsidya kwa msewu. Nsanja ya foni yatsopano, yofiira ndi yoyera, inali itaima nji pamtunda wa ku Mozambiki. Yathu ili kutali kuseri kwa mapiri. Chiimikireni nsanja imeneyo, mafoni onse a m'mudzi anasamukira kunja eni ake ali pakhonde. Kuimba osatuluka, kuimbiridwa osalowa. Nthawi zina netiweki yathu inkasuzumira pang'ono ngati mlendo wosokera, n'kuthawanso.

Lolemba lotsatira ndinatsanzika kuntchito n'kupita kuofesi ya kampani ija m'tauni. Ndinafika zitseko asanatsegule. Ndinafika pakauntala dzuwa lili paliwombo. Pamenepo panali mtsikana wa zikhadabo zazitali zopaka utoto, amene anandiyang'ana kuyambira kuovololo mpaka kunsapato ngati ndabwera kudzafunsa ganyu yosesa.

Ndinafotokoza zonse. Iye osadzutsa ndi mutu womwe, anati, "Ndiye mayi anuwo ali ku Mozambiki."

"Ayi achemwali, ali ku Malawi konkuno. Ku Ntcheu."

"Abambo, kompyuta siinama. Foni ikagwira netiweki yakunja ndiye kuti munthuyo ali kunja. Simpo."

Ndinamuuza kuti amayi anabadwira pamenepo, anakwatiwira pamenepo, amavotera pamenepo. Anatembenukira mnzake wa pambali. "Aise tamva izi, akuti foni yapita yokha ku Mozambiki." Anaseka onse awiri mpaka winayo anapukuta misozi ndi kansonga ka chala kuti utoto wa m'zikope usafufutike. Atatha kuseka anandipatsa mankhwala ake. Anati amayiwo azikwera pamalo okwera, azithimitsa foniyo ndi kuyatsanso, kuthimitsa ndi kuyatsanso, mpaka igwire. Anati zimatheka. Anati zikakanika asunthe nyumba.

Asunthe nyumba! Mayi wokalamba anyamule nyumba, khola ndi manda a mwamuna wake kuti alondole netiweki. Kodi mtsikana ameneyu anabadwa kwa mayi, kapena anamutulutsa m'katoni limodzi ndi makompyuta?

Ndinakana kuchoka pakauntala mpaka anaitana bwana. Kunatuluka bambo wa taye, mimba patsogolo, mafoni awiri m'manja. Uyu ndiye anandiwawa kwambiri, chifukwa vutolo ankalidziwa bwino lomwe. Anati nsanja ya anzathu aja ikuulutsa mafunde amphamvu panjira imodzimodzi ndi yathu, ndiye yathu ikumira. Anati madandaulo oterewa akuchokera m'malire monse. Anati kukonza kwake n'kosavuta: anzathuwo angotembenuza pang'ono ziwiya za pansanja n'kuchepetsa mphamvu, basi, ntchito ya tsiku limodzi.

"Nanga bwanji osawaimbira, bwana? Mafoni muli nawo awiri."

Anati sizimayenda choncho. Kampani singalankhule ndi kampani ya dziko lina osadzera kuboma. Boma lathu liyenera kulankhula ndi boma lawo. Zonse zimasuliridwe m'Chipwitikizi. Akatswiri a mbali zonse akayeze limodzi, koma sanagwirizanebe kuti mafuta a ulendowo athira ndani.

Ndinamukumbutsa kuti paphiri lathu pali nsanja yakale ya kampani ina ya konkuno, yomwe masiku ano amangoterapo akhwangwala. Bwanji osapachika ziwiya zawo pamenepo? Anandiyang'ana ngati ndamuuza kuti abwerekane mkazi ndi mnzake. Anati amenewo ndi opikisana nawo, ndipo lamulo lowauza kuti azigawana nsanja kulibe.

"Bwana, amayi anga ndi odwala. Foni imeneyi ndiye ambulansi yawo."

Anayang'ana wotchi yake. "Mdala, kale lonseli kulibe mafoni, anthu ankadwala bwanji?"

Ine pagalaja munthu akabwera ndi galimoto yopanda mabuleki sindimufunsa kuti kale anthu ankayenda bwanji. Koma ndinameza mate, poti wopempha sakweza mawu. Analemba dandaulo langa n'kunditumiza kuofesi ya boma yoona za mafoni.

Kumeneko ndinapeza mayi mmodzi yekha akudya tchipisi pa desiki. Anati mabwana onse ali kunja kumsonkhano wa mayiko a m'chigawo chino. Ndinafunsa kuti msonkhano wa chiyani. Anati wa mgwirizano pa nkhani za mafoni ndi intaneti. Akuti akufuna kukoka chingwe kuchokera kunyanja ya mchere kuti tonse tizilankhulana ndi dziko lonse lapansi. Dziko lonse lapansi! Ine ndikungofuna Ntcheu. Ndinafunsa kuti abwera liti. Anati akabwera pali msonkhano wina wounika zomwe akambirana ku woyambawu. Ananyambita chala n'kunditsanzika ndi mawu akuti, "Nkhani za m'malire si zothamangira, abambo. Zimafuna ndondomeko."

Ndinabwerera kumudzi ndi zomwe ndinapatsidwa. Ndinamuonetsa Esinati kathimitsidwe ndi kayatsidwe, ndinamuonetsa chulu cha kuseri kwa khola. Ndinamuuza kuti akuofesi akuti zimatheka. Tsiku limenelo inagwiradi kamodzi, tonse tinasangalala ngati zitsiru.

Lachitatu lina m'nyengo yozizira, amayi anagwa m'mawa akuchokera kubafa. Mbali imodzi inauma, pakamwa panapotoka, koma mawu ankatulukabe. Esinati anawakokera pamphasa n'kuthamangira pachulu. Anathimitsa, anayatsa. Dzina lachilendo. Anathimitsa, anayatsa. Anatsika kukaona amayi, anakweranso. Anthu oyandikana nawo anabwera ndi mafoni awo, onse ali ku Mozambiki. Esinati akangolowa m'nyumba, amayi ankamufunsa chinthu chimodzi chokha: "Wayankha?"

M'mawa wonse unathera pachulu, chifukwa anthu ophunzira a mu ofesi yozizira ananena kuti zimatheka. Dzuwa litapendeka, alamu anga, amuna a Esinati, anatopa nazo, anatenga njinga n'kupalasa mpaka komwe netiweki yathu imayambira. Foni yanga inalira cha m'ma fili koloko ndili pansi pa minibasi. Sinaduke. Inangolirabe. Munthu wa kwathu akakuimbira ndi mayunitsi ake osadula, mtima umadziwiratu.

Ndinayendetsa ngati wamisala. Nditakhotera m'kanjira ka kwathu ndinamva kulira ndisanazimitse injini.

Sindine dokotala, ndipo sindinena kuti akanachira. Koma akanafika kuchipatala usana womwewo. Akanamwalira pabedi anamwino atayesa, kapena m'galimoto mwana wawo ali pambali. Sakanapita akuganiza kuti Yohane waona foni ikulira n'kuinyalanyaza. Chimenechi chimandidya mpaka lero, ndipo inu a kampani sindidzakukhululukirani.

Maliro atatha ndinapitanso kuofesi kuja. Mtsikana yemwe uja, utoto wa zikhadabo wokha ndi umene unasintha. Ndinamuuza kuti amayi aja anatisiya. Anati pepani ndi pakamwa pokha, maso ali pakompyuta. Kenaka anafunsa, "Ndiye poti eni foniwo kulibe, dandaulo lija titseke eti?" Anawonjeza kuti layiniyo ikakhala nthawi osagwira ntchito adzapatsa munthu wina. Bwana wa mimba uja akuti anali kumsonkhano.

Inu nonse a m'Kawale, Biwi, Chinsapo ndi kwina konse amene makolo anu ali m'malire, ku Ntcheu, ku Dedza, ku Mchinji, mverani. Foni ikakhala chete musamati kuli mtendere. Kwerani basi mukaone. Anthu a makampani ndi maboma awa amadziwa kumanga nsanja zoyang'anizana, koma kupatsana moni pamwamba pa msewu umodzi kumafuna hotela, ndege ndi womasulira.

Inu a kampani, dandaulo langa musatseke. Silinathe. Mlongo wanga Esinati waonda ngati chitsotso. Sapita kumunda, kutchalitchi amakhala kumbuyo. Ndikapita kumudzi amandikokera pambali n'kuyamba zomwezo.

"Achimwene, mwina ndinkathimitsa msanga. Ndikanadikira pang'ono mwina ikanagwira. Kapena ndinkadina polakwika?"

Ndamuuza kuti vuto silinali iye. Ndamufotokozera za nsanja, za mafunde, za maboma awiri. Amangopukusa mutu n'kunena kuti inu ndinu wa magalimoto, eni mafoni ananena kuti zimatheka. Iye akukhulupirira kuti anapha amayi ake ndi chala chake.

Choncho sindikufuna chipepeso, sindikufuna mayunitsi aulere, sindikufuna kapu kapena tisheti ya kampani yanu. Ndikufuna munthu mmodzi wa kuofesi kwanuko, wa taye kapena wa zikhadabo, sankhani nokha. Thiransipoti ndilipira ndine. Akaime pamaso pa Esinati, amuyang'ane m'maso, amuuze kuti ngakhale akanathimitsa ndi kuyatsa mpaka dzuwa kulowa sikanagwira, ndipo kuti inu munkadziwa.