Chimbale cha zidole chinafika, bambo a Takondwa

Bambo a Takondwa, lero pamsika wa ku Tsakane kuno ku Joni ndaona munthu akugulitsa chimbale cha zidole zolankhula zija zinkaonetsedwa pa TV kalekale, ndipo ndakukumbukani. Lamlungu lina munabwera nacho chotere m'kanyumba kathu ka malata ku Dukathole, mutagulira mwana wathu amene tinamusiya kumudzi ndi agogo ake. Munati, "Tiyeni tichiyese kaye, mayi a Takondwa, zamumsewu sizidalirika." Kuyesa kwakeko tinaonera mpaka kumapeto, inu bambo wandevu mukuseka mpaka misozi, uku mukumasulira m'Chichewa zonena za zidolezo ndi timawu ta m'mphuno. Munati pa Khirisimasi mukaonera limodzi ndi mwanayo.

Khirisimasiyo simunaione. Bokosi lanu lisananyamuke n'komwe kupita kumudzi, achimwene anu anali atanyamula kale TV ndi makina oonetsera zimbale, ati katundu wa m'bale wawo. Anthu oti sanapondeko kuchipatala mukudwala! Chimbale chokha anachisiya pansi poti sichikanawapindulira. Ndinachitola n'kupatsira oyendetsa basi. Chinafika, bambo. Koma kumudzi kulibe choonetsera, ndiye Takondwa amangochitembenuza n'kumadziyang'anirapo nkhope. Amauza anzake kuti ndi galasi limene adadi ake anamutumizira kuchokera ku Joni. Zidole zija sanazionepo mpaka lero, pamene achimwene anu akuonera mpira pa TV yanu. Usani mumtendere inuyo, ine mtendere ndilibe.