Mbale za Julie Ndinaziika Pofunda

Ntchito yanga yoyamba ku Canada anandipezera ndi Amayi Chirwa a kutchalitchi kwathu ku Hamilton. Anamva kuti labu ina ikufuna munthu wodziwa kumeretsa mabakiteriya m'mbale. "Inu si munkagwira zomwezi kuchipatala kumudzi? Kapangeni apulayi, musagone," anatero.

Ndinalowa ntchito mapewa ali m'mwamba. Ku Malawi ndinapima magazi ndi makhololo zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo manja ankadziwa okha chochita: kuwotcha kawaya pamoto, kupaka m'mbale, kutseka, kulemba chizindikiro, kenako kuika mu inkyubeta pa madigiri 37, kutentha kwa thupi la munthu.

Labuyi inkafufuza mabakiteriya a m'nyanja zozizira za kumpoto. Julie, mtsikana amene ankachita digiri yake yomaliza, anali atangobwerako ndi timabotolo ta madzi. Sitima yawo yapamadzi inkapitako kamodzi pachaka, madzi oundana akasungunuka. Iye ankafuna kudziwa kuti m'madzimo muli mitundu ingati, ndipo digiri yonse inkadalira zimenezo.

Lachisanu lina anathira madzi ake omaliza m'mbale makumi anayi n'kundisiyira. Ankathamangira sitima yapamtunda ya ku Oshawa, Chingerezi chikutuluka ngati matalala. Ndinamva theka lokha, koma ndinangogwedeza mutu. Kwathu wokutuma sumubwezera mafunso. Komanso, ndinene zoona, kunali kunyada: ine wa imvi zanga kufunsa mwana? Mbalezo ndinaziika mu inkyubeta monga mwa chizolowezi.

Lolemba ndinamupeza ataima pa firiji ya madigiri 4, muli mbee. Ndinamutengera ku inkyubeta ndikumwetulira ndithu, ngati ndachita zakupsa. Anakhudza mbale imodzi, yofunda bwino.

"Izi zikafunda zimafa," anatero motsitsa mawu. "Madzi ena ndilibe."

Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Tinazisamutsira m'firiji n'kudikira milungu isanu. Munamera mitundu iwiri yokha, yolimba mutu ija imamera paliponse. Ina yonse ndinaiphika ine.

Ntchito sanandichotse. Koma Julie anachedwa chaka chathunthu kumaliza sukulu, ndipo zimandiwawa mpaka lero. Akuti safunsa anadya phula. Ine phulalo ndinadyetsa mwana wa eni. Tsopano munthu akandituma, ndimabwereza mawu ake mokweza mpaka avomere, ngakhale andiyese wogontha.

Chaka chotsatira Julie anakweranso sitima yapamadzi ija. Atabwerako ankandipatsabe moni mwansangala, koma mbale zake ankanyamula yekha.