Chaka chimene ndinalowa Sitandade 8 m'chigafa

Mdzukulu wanga wamkazi analephera mayeso a Sitandade 8 kawiri. Bambo ake, mwana wanga wobala ndekha, anati akalepheranso kachitatu alandira ng'ombe za malowolo, poti banja lina la ku Hewe konkuno linali litafunsira kale. Ine ndinakwatiwa kuno kuchokera ku Dowa. Za ng'ombezi sindinazizolowere mpaka lero, koma mawu a mkazi wobwera ndi opepuka.

Ndinakadandaula kwa aphunzitsi ena opuma ntchito, mkulu wa mpingo wathu, amene ankaphunzitsa ana m'makomo mwawo. Anabwera pa njinga n'kutipeza m'chigafa tikusoka fodya. Masiku oyamba sanaphunzitse kanthu. Ankangomufunsa mwanayo mafunso n'kumamuyang'ana.

"Mwanayu amaloweza ngati nyimbo ya kwaya," anandiuza. "Mukamudula pakati, zonse balala! Kuyambira mawa, chimene ndamuphunzitsa aziphunzitsa inuyo. Mukamva inu, ndiye kuti wamva iye."

"Ine? Aphunzitsi, cholembera sindinachigwirepo chibadwire."

"N'chifukwa chake, amama. Inu sangakuphimbeni m'maso ndi Chizungu."

Anawonjezanso kuti mwanayo asamatunge madzi, asamasokenso fodya. Woti azigwira ntchitozo sanamutchule.

Basi, m'mawa ine kumjigo, kuchoka apo kumunda kukathyola fodya, masana m'chigafa, zala zili bii, zikumata. Ndiye mwana aime patsogolo panga: "Agogo, lero ndi masamu a magawo." Ankatola tsamba lowonongeka n'kuling'amba pawiri, kenako panayi. Ine zikope lemu.

"Agogo, mwagona!"

"Sindinagone, ndikuganiza."

Aphunzitsi, atakhala pamtondo wovundikira, ankangoti, "Yambanso. Wophunzira akagona, mlandu ndi wa mphunzitsi." Ha, chisoni analibe bambo amene uja, kwa iye kapena kwa ine.

Tsiku lina mwanayo ankandifotokozera kuti mitambo ndi madzi ochokera pansi pano. Ndinamufunsa kuti nanga amakwera bwanji, poti anga ndimachita kusenza. Anabwereza mawu a m'buku. Ndinati sindinamve. Anabwerezanso, kenako misozi mbwe.

"Yewo chomene, amama," anandithokoza m'Chitumbuka aphunzitsi. "Dzenje lili pomwepo." Anamutuma kukatereka madzi n'kugwira mbale pamwamba pa nthunzi mpaka inadontha. Mbaleyo ndinatsuka ndine.

Tinatero mpaka fodya anapita kumsika. Msana umene ndimayenda nawo chowerama uno ndinautenga chaka chimenecho.

Dzina la mdzukulu wanga linatuluka: sekondale yoyendera ku Bolero, kokakhala kwa achibale. Anthu a ng'ombe atabweranso, ndinakhala kuseri kwa nkhokwe kuti ndimve ndekha. Mwana wanga anakanda pakhosi nthawi yaitali, kenako anati, "Pakali pano ayi."

Sanangoti ayi. Anati pakali pano. Ndinafuna kudzuka kuti ndikamufunse tanthauzo lake, koma ndinangokhala pomwepo mpaka alendowo anatsanzika.