Nditasochera m'Chifunga

Fungo la thabwa latsopano la paini m'chipinda chathu ku Chirunga landikumbutsa tsiku limene ndinasochera m'phiri la Zomba. Ndinali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ndinatsagana ndi amayi kukatola nkhuni. Chifunga chitatsika mwadzidzidzi, sindinawaonenso. Ndinalira mpaka kubanika.

Bambo wina wocheka matabwa anandipeza, nanjuta patsogolo panga.

"Iwe, ukamakuwa chonchi, amayi ako uwamva bwanji? Koka mpweya ndi mphuno. Tsopano utulutse pang'onopang'ono, ngati ukuuzira phala lotentha."

Ndinauzira koyamba ndikusisimabe. Pofika kachitatu mapewa anga anatsika, ndipo nkhalango yonse inati zii. Chakumunsi kwenikweni amayi anali kuitana dzina langa, mawu atasasa.