Dzina la Limbani Chafutambuyo

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene mlongo wanga Limbani anamwalira ndi malungo. Maliro atatha, ine ndi amayi tinakakhala kwa achimwene awo, amalume a Jailosi, amene nyumba yawo inali pafupi ndi msewu, pakati pa Domasi ndi Songani.

Amalume ankaphunzitsa masamu, koma mtima wawo unali pa kompyuta yakale imene inali pabalaza. Anafufutamo zonse zimene inabwera nazo n'kulemba okha pulogalamu yolamulira makina onsewo, imene ankaitcha keneli. Kale, titapita kwawo kutchuthi, anatipangiramo ine ndi Limbani kamasewera kophunzirira kutaipa. Ukadina batani lililonse, dzina lako linkaoneka pakona ya sikirini. Limbani atatisiya, amalume anachotsa dzina lake pa tsamba loyamba, panatsala langa lokha, Tadala.

Tsiku lina masana nkhungu inatsika kuchokera kuphiri mpaka minda ya mpunga inabisika. Amayi ankapeta mpunga pakhonde, ine ndikutaipa mothamanga. Mwadzidzidzi pakona paja panalembedwa kuti T INABMIL. Ndinayesa kuwerenga, osamva kanthu. Kenako maso anga anayambira kumapeto, ndipo ndinawerenga dzina la Limbani. Nditadina batani lina, dzina langa linabwerera ngati palibe chachitika.

Ndinaitana amayi. Anakhala pambali panga ndi lichero pamiyendo, ine n'kumataipa. Patapita nthawi dzina la Limbani linabweranso.

"Ndi iyeyo," anatero chapansipansi. "Njira ya kumizimu amayenda chafutambuyo. Amalume ako usawauze, angamuthamangitse."

Kuyambira pamenepo amayi anasiya kupita kumunda. Ndikaweruka kusukulu ndinkawapeza atasamba, atavala chitenje chatsopano, akundidikira kutsogolo kwa kompyuta. Pafupi ndi kiyibodi ankaikapo mbatata yootcha, poti Limbani ankaikonda. Masiku ena dzina silinkabwera, ndipo ankandiuza kuti nditaipebe mpaka zala kuwawa. Likabwera ankafunsa sikirini kuti, "Wadya? Kukuzizira?" Iwo eni chakudya anasiya. Ine ndinkaopa kuti dzinalo libwera, ndinkaopanso nkhope ya amayi likapanda kubwera. Tsiku lina anandiuza, ali phee, kuti mwina mwanayo akufuna womuperekeza.

Amalume anatipeza tsiku limene anaweruka msanga chifukwa cha mvula. Anaima kumbuyo kwathu, ambulera ikudontha, ndipo anaona okha zilembo zija. Anangokhala pansi, n'kuyang'ana mbatata ija nthawi yaitali.

Loweruka lotsatira anatiitana tonse awiri.

"Achemwali, ndimvereni kaye, mukalipe pambuyo," anatero kwa amayi. Anafotokoza kuti mkati mwa kompyuta muli kachipangizo kogwira ntchito zonse, pulosesa, ndipo kali ndi timbendera take. Kambendera kalikonse kamakhala kokwezedwa kapena kotsitsidwa. Kena kamanena ngati yankho la samu latuluka ziro, kena ngati pulosesa ikuloledwa kusokonezedwa. Ndiye pali kena konena kolowera powerenga zilembo, kutsogolo kapena kumbuyo.

"Kamasewera aka kakamakankhira mizere m'munsi, kamakweza kambendera ka kumbuyo kwa kanthawi kochepa zedi. Tadala akadina batani nthawi yomweyo, pulosesa imasiya ntchitoyo n'kuthamangira kwa keneli. Keneli imayenera kusunga timbendera tonse momwe yatipezera, kutsitsa ka kumbuyoko, kugwira ntchito yake, kenako kubwezera zonse m'malo. Yangayi imasunga ndi kubwezera, koma kutsitsa ndinaiwala. Ndiye imayamba pa T wa Tadala n'kumabwerera m'mbuyo, kuwerenga chimene chili kumeneko."

Amayi anapukusa mutu. Amalume sanalimbane nawo. Anatsegula pamene panali mayina, ndipo patsogolo pa langa analembapo SONGANI. Anandiuza kuti nditaipe. Posakhalitsa pakona panaoneka T INAGNOS.

Amayi anayang'anitsitsa zilembozo.

"Ndiye sanali iye?" amayi anafunsa.

"Sanali iye, achemwali. Koma dzinalo ndi lake. Ndinangolibisa. Ndinaika chala pa batani lofufutira, chala chinakana."

Apo amayi analira kulira kumene sindinakumve ngakhale pa maliro, ndipo amalume, amene ndinali ndisanawaonepo akugwetsa msozi, analira nawo. Atatonthola, amalume ananena kuti kukonza kwake n'kulemba liwu limodzi lokha, koma salemba pokhapokha amayi atavomera.

Amayi anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Konzani, achimwene. Ndipo dzina la mwana wanga mulilembe bwino, lionekere. Iye ankayenda choongoka."

Analemba liwu lija, n'kubwezera LIMBANI pa tsamba loyamba, pamwamba pa langa. Amayi ananyema mbatata ya tsikulo patatu, tinadya. M'mawa mwake ananyamula khasu, ndipo tisanapite kumunda tinadzera kumanda kukalambula.

Lero ndine namwino, ndipo za makeneli ndimangodziwa zimene ndinamva tsiku lija. Koma kuntchito ndimakumana ndi anthu ambiri amene chisoni chawagwiritsa chinthu chosakhala choona. Ena amawaseka, ena amawavomereza kuti nkhani ithe msanga. Ndili mwana ndinkaganiza kuti chimene chinapulumutsa amayi ndi nzeru za amalume pa makina. Tsopano ndikuona kuti nzeruzo pazokha zikanangowalanda mwana kachiwiri. Amalume ananena zoona osachotsapo kanthu, koma ananena atakhala nawo pansi, akulira maliro omwewo.